Palafini wa kwa Che Amidu

A Simioni adali woyeza mapampu a mafuta m'boma lonse la Mangochi, koma njinga yawo yamoto idali itatha miyezi isanu ili pakhonde la ofesi chifukwa chosowa petulo. Nkhuku za anthu oyandikana ndi ofesiyo zidafika poikira mazira pansi pake. Anthu ankawanena, ati taonani mwini mafuta akuyenda pamwamba pa lole ngati thumba la chimanga, iwo n'kumangoyankha kuti, “Ine si mwini mafuta, ndine mwini muyeso.” Ankayankha choncho nkhope ili gwa, moti wosekayo ankatsala akuseka yekha.

Zidali zaka zija nkhondo ya ku Mozambique idatseka njanji zopita kumadoko. Mafuta ankadzera kutali, ankafika mwa apo ndi apo, ndipo akafika anthu ankachita kulimbirana. Kumalire nako kudali kutadzaza anthu othawa nkhondoyo, ena kwa achibale, ena m'tinyumba taudzu tomwe tinkamera usiku ndi usana m'mbali mwa midzi. Pakati pa zonsezi ntchito ya a Simioni idali imodzi basi: kuonetsetsa kuti munthu akagula lita, alandire lita. Ankayenda ndi bokosi lamatabwa momwe munkakhala chigubu cha mkuwa cha malita makumi awiri, mpukutu wa waya, timibulu ta mtovu, ndi chopanira chokhala ndi chidindo cha boma. Akapeza pampu ikuba, ankaimanga ndi waya, n'kupana mtovu pamfundo, kenaka n'kumata pepala lofiira loti aliyense wodutsa awerenge. Ntchitoyi adali ataigwira zaka makumi awiri ndi zitatu. Zidatsala ziwiri kuti apume alandire penshoni, ndipo akazi awo, a Lusia, adali atayamba kale kuumba njerwa kumudzi.

Mwezi wa Okutobala adalandira kalata yochokera ku Chiponde, kwa Che Amidu. Awa adali mwini sitolo ndi mapampu awiri opukusa ndi manja pafupi ndi chipata cha malire, munthu wamkulu wa ndevu zoyera, amene mbiri yake idali yoti lita yake imasefukira. A Simioni sankakhulupirira mbiri ya munthu asanayeze, koma Che Amidu adali atawayeza chaka ndi chaka osawapeza ndi kadontho komwe koperewera. Kalatayo inkati petulo adasiya kubwera mu Juni, koma tsopano kwabwera palafini lole yathunthu chifukwa cha kuchuluka kwa anthu. Thanki yawo ya palafini idali yaing'ono komanso yobooka, ndiye adamutsitsira m'thanki yaikulu ya petulo, yomwe idali yopanda kanthu. Lamulo linkati pampu ikasintha mafuta iyezedwe kaye isanayambe kugulitsa. Wina akadangogulitsa, chifukwa ndani akadadziwa? Che Amidu adadikira masiku atatu, anthu ali pakhomo.

A Simioni adatsika lole dzuwa likuswa mtengo, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze. Adapeza mzere wa mabotolo utayambira papampu, kudutsa kutsogolo kwa sitolo, n'kukakhota pamtengo wa mango. Padali mabotolo a zakumwa, a mankhwala a chifuwa, ndi zitini zakale za mafuta ophikira a chithandizo. Eni ake adakhala pamthunzi, aliyense diso pa botolo lake. Palafini adali atasowa miyezi iwiri, ndipo anthu adali atatopa ndi kuwunikira ana odwala ndi muuni wa udzu.

“Ali uli, Che Simioni?” adafuula Che Amidu akutuluka m'sitolo. “Bwerani mundilanditse. Amayiwa atsala pang'ono kundidya wamoyo.”

“Ndili chenene,” adayankha a Simioni, ndipo Chiyao chawo chidathera pomwepo monga mwa masiku onse.

Adakana tiyi, adakana mpando. Adayala bokosi lawo, n'kukhazika chigubu pathabwa, n'kuonetsetsa kuti chakhala mosapendekeka. Che Amidu adapukusa okha. Mafuta adakwera m'khosi la chigubucho n'kukaima ndendende pamzere wa muyeso wojambulidwa pakhosipo. A Simioni adagwada, n'kutsinzina diso limodzi, n'kubwezera mafutawo m'thanki. Adayeza kachiwiri, adayeza kachitatu, amayi akung'ung'udza kuti bamboyu kodi akufuna mzerewo usunthe? Maulendo onse atatu mafuta adaima pomwepo.

“Muyeso uli bwino,” adatero.

Anthu adadzuka onse nthawi imodzi. Botolo loyamba lidali la mayi wina wamtali wotchedwa Leticia, wothawa nkhondo wochokera ku Cuamba, amene adafika ku Chiponde chaka chapitacho ndi ana awiri ndi mphika umodzi. Che Amidu adamudzazira, ndipo monga mwa chizolowezi chawo adasefukiza, mafuta ena n'kutayikira padzanja la mayiyo. A Simioni adali akutulutsa fomu yoti adinde. Koma Leticia sadachoke. Adaima akuyang'ana dzanja lake, n'kulinunkhiza, n'kulitembenuza uku ndi uku.

“Suntha iwe, watenga kale!” adakuwa wina kumbuyo.

Iye adatembenukira kwa a Simioni. “Shefi,” adatero, kuwatchula bwana monga amanenera kwawo ku Mozambique, “uyu si palafini.”

Che Amidu adaseka. “Nanga ndi chiyani, mwanangu, thobwa?”

“Palafini akakugwera amatsala pakhungu, amaterera mpaka usambe. Uyu wauma kale, ndipo dzanja lazizira. Ndibwerekeni mbale ziwiri ndi machesi. Tipite uko, kutali ndi pampu.”

A Simioni sadali munthu wolola kuphunzitsidwa ntchito ndi wodutsa m'njira, ndipo poyamba zidawanyansa. Koma mayiyu sankalankhula ngati wofuna kutchuka. Adalankhula motsitsa, ngati munthu amene akulakalaka atapezeka wolakwa. Adamutsatira mpaka kuseri kwa mtengo wa mango. Leticia adapempha nyali ya m'sitolo, yomwe idali ndi kapalafini kakale kotsalira, n'kuthira pang'ono m'mbale yoyamba. Adakhwatcha machesi n'kuponya momwemo. Moto udazima ngati wagwera m'madzi. Kenaka adathira za m'botolo lake m'mbale yachiwiri.

“Bwererani m'mbuyo, shefi.”

A Simioni sadabwerere, adawerama kuti aone bwino. Machesi sadafike n'komwe m'mbalemo. Lawi lidachita kulumpha kukakumana nawo m'malere, phuu! ndipo woyeza mapampu wa boma adapezeka atakhala pansi, nsidze zikununkha ngati nkhuku yowawula. Palibe adaseka.

“Ku Cuamba ndinkasesa kudepoti ya njanji,” adatero Leticia. “Thanki iliyonse isanatsegulidwe, mkulu wa pamenepo ankayesa chonchi. Palafini weniweni amadikira chingwe. Uyu sadikira, muli petulo. Mukamuthira mu koloboyi, chitini chake chikangotentha chimaphulika.” Adaloza kutsidya kwa msewu. “Nyumba zathu mwaziona? Denga kukhudzana ndi denga. Ine mudzi ukupsa ndidauona kamodzi, shefi, ndipo zidandikwana.”

“Wallahi, thanki idali youma!” adatero Che Amidu. “Ndidaviika ndodo ndekha lole isanatsitse. Idatuluka youma gwa.”

“Ndione ndodoyo,” adatero a Simioni.

Idali ndodo yaitali ya mlombwa, yokhala ndi kamtanda pamwamba komwe kamatsamira pakamwa pa thanki. A Simioni adaiyala pansi n'kuiyeza ndi tepi. Poyerekeza ndi kuya kwa thankiyo, idali yoperewera chikhato chimodzi ndi theka. Apo m'pamene Che Amidu adakumbuka: chaka chathacho ndodoyo idang'aluka kunsonga, ndipo iwo, posafuna kukhala ndi chinthu chosaoneka bwino, adaipereka kwa kalipentala kuti aidule, aisalaze. Kalipentalayo adagwira ntchito yaukhondo kwabasi. Chiyambire tsiku limenelo ndodoyo inkalendewera m'thanki osafika pansi, ndipo pansipo padali patagona petulo wa mu Juni.

Che Amidu adakhala pansi pakhonde n'kuvula chisoti. Atayamba kulankhula, sadali Che Amidu amene a Simioni ankawadziwa.

“Petulo wake ndi wochepa, Che Simioni. M'thanki yonse ija wasungunukiramo. Ndiwauza azisamala, azithira pang'onopang'ono. Zonse zimene ndili nazo zili m'thankimo, ndipo akampani mafuta akatsitsa sabweza. Anthunso mukuwaona, akufuna kuwala.” Adawayang'ana m'maso. “Mwati muyeso uli bwino. Ndiye dindani.”

Sadali munthu woipa, adali munthu amene madzi amufika m'khosi. Ndipo zimene adanenazo, kumbali ya lamulo, zidali zoona. A Simioni buku lawo ankalidziwa ngati dzina lawo. Linkanena za kuchuluka kwa mafuta otuluka m'pampu, koma za mtundu wa mafutawo lidali chete. Pampu ikadatha kutulutsa madzi a m'chithaphwi, bola malita ake akhale okwana.

“Musagulitse kufikira nditabwerako,” adatero, n'kuyamba ulendo wa kupositi ofesi kukaimba foni.

Adaimba koyamba kuofesi yopereka malaisensi a malo osungira mafuta. Kumeneko adawauza mwaulemu kuti iwo amaona ngati thanki idakwiriridwa bwino ndiponso ngati pali ndowa za mchenga, za m'kati mwa thanki si zawo. A zachitetezo adati moto ukabuka awadziwitse msanga. Oyang'anira othawa nkhondo adadandaula nawo kwambiri, koma adati mphamvu zawo zimathera pa katundu wa chithandizo, sitolo ya munthu sangailowerere. Aliyense adali ndi mpanda wake, ndipo palafini wa Che Amidu adali atagwera pakati pa mipanda yonseyo. Pomaliza adaimbira bwana wawo ku Blantyre, a Willard.

“Simioni, pampu ikuba?” adafunsa a Willard atamva nkhani yonse.

“Ayi, bwana.”

“Chidindo chakale chathyoledwa?”

“Ayi.”

“Ikudontha?”

“Ayi, bwana.”

“Pafomu pali zifukwa zitatu, ndipo mwazikana zonse. Mukufuna chiyani kwa ine?”

“Anthu apsa, bwana.”

A Willard adayankha ngati munthu wotopa. “Mukuyesa sindikudziwa? Ndalemba makalata anayi kupempha lamulo loti tiziona ubwino wa mafuta. Adandiyankha kuti nkhaniyo ili ndi komiti. Komitiyo sidakhalepo pansi, chifukwa maofesi atatu akulimbirana woti akhale wapampando. Tungani botolo mutumize kokapima. Akapeza mankhwala opimira, yankho lidzabwera pakatha miyezi itatu.”

“Mabotolo ali pamzere lero, bwana.”

A Willard adatsitsa mawu. “Tamverani, achimwene. Chigubu chili m'manja mwanu, ndipo amene amaona mzere wake ndinu nokha. Zitapezeka kuti pampuyo yaperewera supuni imodzi, lamulo lili kumbuyo kwanu, ine ndisayina osafunsa. Koma mukamanga pampu imene mwalemba nokha kuti ili bwino, mwadzimanga nokha. Anthu akusowa palafini, nkhaniyo idzafika pamwamba, ndipo ine sindidzatha kukuikirani kumbuyo. Penshoni yanu muiganizire.”

Kuchokera kupositi ofesi kukafika kusitolo sipatali, koma a Simioni adayenda ngati akupita kumaliro. Njira ya a Willard idali yabwino, tisanamizane. Palafini sakadagulitsidwa, anthu akadapulumuka, ntchito ikadakhalapo, ndipo bodza lake lidali la supuni imodzi yokha. Koma bodza limenelo linkabwera ndi pepala lofiira, ndipo pepalalo linkamatidwa poyera, ndi zilembo zazikulu zoti pampu iyi yapezeka ikuba. Kwa wamalonda wina aliyense chimenecho ndi chipongwe cha mwezi umodzi. Kwa Che Amidu, amene Lachisanu lililonse ankaima mzere woyamba mumzikiti, pakati pa anthu amene amati kuba pamuyeso ndi tchimo lokayankha tsiku lachiweruzo, kudali kuwaika m'manda ali moyo. Adalakwitsa pa ndodo, inde. Pamuyeso sadalakwepo chiyambire.

A Simioni adachita mantha, ndipo sitingawabisire. Adaganiza za njerwa za a Lusia zili m'mizere padzuwa. Adaganiza kuti munthu wa zaka makumi asanu ndi zitatu, wodziwa kuyang'ana mzere wa chigubu basi, angamulembenso ntchito ndani. Mtima wina unkati dinda upite, lamulo lakumasula, ikapsa nyumba si iwe wayatsa. Mtima umenewo ndiwo udawakwiyitsa koposa, chifukwa unkalankhula mawu a m'buku lawo lomwe.

Atafika, adalunjika papampu. Adatsegula bokosi, n'kudula waya, n'kumanga mkono wa pampu mozungulira katatu, n'kulowetsa kamtovu. Chopanira chidalira kamodzi. Kenaka adatsamiritsa fomu pabokosi. Zifukwa zitatu zija adazisiya osachonga, n'kulemba m'munsi ndi dzanja lawo: “Muyeso ndi wokwana. Ndamanga pampuyi chifukwa palafini wasakanikirana ndi petulo ndipo angathe kupha anthu. Lamulo londilola kutero palibe.” Adasayina dzina lonse, nambala ya ntchito ndi tsiku. Pepala lofiira lidatsala m'bokosi.

Phokoso lake! Amene adaona mbale ija ikuyaka adali ochepa, amene adadikira masiku atatu adali ambiri. Ena adati bamboyu akufuna chiphuphu. Ena adati palafiniyo akumusungira mabwana. Leticia naye adalandira zake, ati mlendo wabwera dzulodzulo ndiye azitiuza za mafuta? Iye adangotsanulira botolo lake mumchenga, n'kukwirira ndi phazi, n'kumapita. Che Amidu adalandira fomu yawo osaiyang'ana. Zilembo za Chiarabu ankawerenga ngati madzi, koma za boma ankachita kuzitola chimodzichimodzi, ndipo tsiku limenelo adalibe mtima wotolera. Adaipinda, n'kulowa m'sitolo, n'kutseka chitseko. Kwa nthawi yoyamba m'zaka zonsezo a Simioni adachoka ku Chiponde osatsanzikidwa.

Zidatenga masiku asanu ndi anayi. Madandaulo adakwera monga adanenera a Willard, kuti kumalire kuli wantchito wa boma amene akuwamana anthu palafini popanda chifukwa cha m'malamulo. Fomu ya a Simioni nayo idafika kulikulu, ndipo woiwerenga sadavutike kufufuza mlandu, poti wolakwayo adali ataulemba yekha m'mizere itatu. Kudabwera uthenga woti Lachinayi m'mawa akapezeke ku Chiponde ndi bokosi lawo. A Lusia adawasitira malaya oyera, ndipo adawasita nthawi yaitali.

Mbiri idali itawatsogolera. Mzere wa mabotolo udali utabwerera, ndipo ulendo uno udadutsa mtengo wa mango mpaka kukafika pamsewu. A Willard adafika pagalimoto ya boma cha m'ma teni koloko, atavala jekete pa kutentha konse kuja. Adali munthu wamfupi, wa magalasi, ndipo nkhope yawo inkaonetsa kuti ntchito imene adabwerera sadaikonde. Adaitana Che Amidu, n'kuima pafupi ndi pampu, n'kuwerenga fomu ija mokweza monga lamulo linkafunira. Atafika pa mawu oti “Muyeso ndi wokwana,” Che Amidu adadzutsa mutu.

A Willard adadula waya. Kamtovu kadagwera mufumbi. Adatulutsa envelopu m'jekete n'kupatsa a Simioni, kenaka n'kupempha bokosi. Adawerenga zonse za m'bokosimo pamaso pa anthu: chigubu, waya, mtovu, chopanira. A Simioni adaima chilili, manja ali kumbuyo. Manyazi adawagwira kwambiri, koma sadayang'ane pansi.

Bokosi litalowa m'galimoto, a Willard adalephera kudzigwira. Adatembenukira kwa Che Amidu, mawu akutuluka mwaukali ngati akukalipira iwowo.

“Munthu uyu ndidamuonetsa njira. Ndidati angolemba kuti pampu yanu ikuperewera supuni imodzi. Supuni! Lero bwenzi iye ali pantchito, inu muli ndi pepala lofiira papampu, waya osadulidwa. Adakana. Zaka makumi awiri ndi zitatu wazitaya chifukwa cha dzina la munthu wina.” Adavula magalasi n'kuwapukuta. “Pampu yanu ili bwino. Boma lilibe nanu mlandu. Za m'thankimo ine sindidatumidwe.”

Amayi adali atadzuka kale, mabotolo ali m'manja. Che Amidu adayenda mpaka papampu, n'kugwira mkono wake. Woyamba pamzere adali mtsikana wobereka khanda, atanyamula botolo la mankhwala a chifuwa, ndipo adalitambasula akumwetulira. Che Amidu adayang'ana botololo, n'kuyang'ana khandalo, lomwe linkayamwa chala chake mosadziwa kanthu. Cha patali, kutsidya kwa msewu, Leticia adaima ndi ana ake awiri, manja opanda botolo.

“Dikirani,” adatero Che Amidu.

Adalowera kuseri kwa sitolo, kumene kudali nyumba yawo. Kudamveka mawu a akazi awo, abiti Bakali, akufunsa mokweza, koma yankho silidamveke. Atatuluka adali ndi unyolo womangira njinga ndi loko wamkulu wachikasu, abiti Bakali ali pambuyo.

“Ameneyo ndi loko wa chitseko cha nyumba! Tigona bwanji, anthu onse adzaza kunowa?”

“Tigona chotsegula,” adatero Che Amidu. “Wakuba akabwera atenga mpunga.”

Adazunguliza unyolo pamkono wa pampu, pomwe padali waya paja, n'kutseka loko. Kenaka adatembenukira anthu n'kulankhula, poyamba m'Chiyao, kenaka m'Chichewa, kuti wina asadzati sadamve. Adati palafini ameneyu muli petulo, ndipo amene adalakwitsa ndi iwo eni ake, osati boma, osati lole. Adati sadzagulitsa ngakhale kadontho kufikira akampani atabwera kudzamupopa, kaya zitenga mwezi kaya chaka. Anthu adabuma. Ena adatukwana, ena adalira, mtsikana wa khanda uja adangotsitsa botolo lake pang'onopang'ono. A Willard adayang'ana lokoyo. Loko wa munthu papampu yake, m'buku mwawo mudalibe ndime yake.

Che Amidu adadutsa pakati pa phokosolo n'kukaima pamaso pa a Simioni. Adatambasula dzanja. M'dzanjamo mudali kiyi.

“Ine sindilinso wa boma, Che Amidu,” adatero a Simioni. “Mwaona nokha.”

“Ndaona. Boma lakwera galimoto, ine ndikupatsa inuyo.” Adayandikira, n'kutsitsa mawu kuti asamve wina. “Masiku asanu ndi anayi amenewa, waya wanu ndidaupitira kawiri ndi mpeni m'manja. Kachiwiriko ndidafika pougwira. Ndimadzidziwa, Che Simioni. Amayiwa abwera mawa, abweranso mkuja, sitolo ikhala yopanda kanthu, ndipo kiyi ameneyu akagona m'nyumba mwanga, pofika Lachisanu la sabata yamawa ndidzakhala nditatsegula. Pitani naye ku Mangochi. Tsiku lobwera akampani ndidzakutumizirani uthenga. Ndikadzabwera ndekha kudzamupempha tsikulo lisanafike, ngakhale ndilire, musadzandipatse.”

A Simioni adalandira kiyiyo ndi manja awiri. Adamuika m'thumba la malaya, kumbuyo kwa kalata yowachotsa ntchito, n'kumanga batani.